Injini Inawira pa Chowe

Pikiapu ya Filipe inali yakale kuposa mwana wake woyamba, komabe anthu a ku Katuli ankaidalira. Inkatsikira ku boma la Mangochi itasenza nandolo ndi nyemba, eni katundu atakhala pamwamba pa matumba, n'kubwerako ndi usipa wouma, mchere, malata ndi zina zotero. Injini yake ya petulo itafika potopa, ikumwa oyilo ngati madzi komanso kufuka utsi, Filipe sanaganizeko za makaniko wina. Anaikokera kwa Mponda, kwa Che Jaffalie, amene galaja yawo inali kuseri kwa nyumba, pansi pa mitengo ya mango.

Awiriwa anadziwana kalekale. Filipe anabwera kuno ali mwana, pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, ali ndi mayi ake okha. Za bambo ake sizinamvekenso. Nkhondo itatha ambiri anabwerera kwawo, koma mayi ake anati kumene anachokako kunalibe wowadikira, ndipo anapempha malo olima ku Katuli. Atasinkhuka, Filipe anatsikira ku boma kukasaka ganyu. Che Jaffalie ndi amene anamutola pa depoti, n'kumupatsa kachipinda kogona ndi ntchito yotsuka zitsulo. Iwo anali Msilamu wosaphonya swala ku mzikiti, iye Mkatolika, koma Lamlungu lililonse ankamudzutsa okha kuti asachedwe ku tchalitchi. Patapita nthawi anamuuza mosabisa kuti manja ake si a sipanala, ndi a chiwongolero. Anamuphunzitsa kuyendetsa galimoto, n'kumupezera malo pa lole ya mnzawo. Kuyambira pamenepo Filipe ankawatchula kuti bambo, ndipo akazi awo, Abiti Wadi, ankawatchula kuti amayi.

Che Jaffalie atamvetsera injini ija ananena kuti kuikonzanso n'kutaya nthawi. Panali injini ya dizilo imene inachotsedwa m'minibasi ina yogubuduzika, ndipo anati imeneyo ingakwere phiri la Chowe popanda kudandaula, bola aipezere pokhala. Filipe anavomera. Ntchitoyo inatenga nthawi yaitali kuposa mmene ankayembekezera. Amene ankathandiza pa galajapo anali atachoka onse, ena ku Joni, ena kukayendetsa kabaza wa njinga zamoto, choncho mkuluyo ankagwira yekha, pang'onopang'ono, akusisita chitsulo chilichonse ndi zala asanachimange. Filipe ankangoti ndi ukalamba, ndipo sankawafulumizitsa.

Injini italowa panabuka vuto. Inali yaitali kuposa yakale ija, moti fani yozungulira ndi lamba inkagunda rediyeta, yoziziritsa madzi a injini ija. Kusunthira rediyeta kutsogolo kunali kosatheka popanda kudula nkhope yonse ya galimoto. Che Jaffalie anapisa dzanja pakati pa injini ndi rediyeta, napeza kuti pakungolowa zala zinayi. Anati fani ya lambayo ichoke, aikepo mafani amagetsi, ndipo m'mawa mwake anatengana kupita kwa Oscar, wogulitsa zipangizo za magalimoto pafupi ndi msika.

Oscar atamva nkhani yawo anatsitsa pa shelefu fani imodzi yaikulu, yatsopano, ili m'katoni mwake. Anati imeneyo imamangidwa kutsogolo kwa rediyeta n'kumakankhira mphepo mkati, choncho za kuchepa kwa malo kumbuyo aziiwale. Filipe anaikonda pomwepo. Inali yonyezimira, ya mapiko okhota, ndipo pa katoni panali chithunzi cha galimoto yampikisano. Kudikira kunali kutamutopetsa, ndipo ankaona ngati chinthu chatsopano ndicho chingathetse nkhani yonse tsiku lomwelo.

Che Jaffalie anainyamula, kumva kulemera kwake, n'kupinda phiko limodzi ndi chala. Anapempha Oscar kuti awawerengere zolembedwa pa mota yake, akuti magalasi awaiwala kunyumba. Atamva anaibweza. Anati fani yakutsogolo imatchinga yokha mphepo imene galimoto imakumana nayo ikamathamanga, komanso ikakhala imodzi n'kufera m'njira ndiye kuti ulendo wathera pomwepo. Iwo ankafuna awiri opyapyala, okhala kumbuyo, okoka mphepo kudutsa m'rediyeta, komanso okhala m'chimango chawo chapulasitiki chophimba rediyeta yonse kuti mphepo isamalambalale m'mbali.

"Galimoto yako siyenda m'tauni, Filipe," anatero. "Imakwera phiri pa giya wani, itasenza, mu Okutobala. Pamenepo palibe mphepo yobwera yokha. Yonse ayenera kuikoka mafani."

Oscar anati atsopano amtundu umenewo alibe, koma kuseri kwa shopu kuli akale ochotsedwa m'magalimoto angozi. Anazungulira kumeneko, pa mulu wa zitseko, mabampala ndi marediyeta obowoka, dzuwa likuswa mtengo. Che Jaffalie ananyonyomala n'kuyamba kusankha. Fani iliyonse ankaizunguliza ndi chala, khutu ali pafupi ndi mota. Yolira ngati muli mchenga ankaiika pambali, yogwedera ankaiikanso pambali. Oscar anabweretsa batire kuti aziyesa. Awiri ena anali amphamvu zedi moti anaulutsa kapu ya Filipe, ndipo iye anati basi atenge amenewo, koma mkuluyo anakana. Anati mafani otero amadya moto wambiri, ndipo alitaneta yothira moto m'batire imene inabwera ndi injiniyo ndi yaing'ono. Akadzayatsa mafaniwo pamodzi ndi nyale, batire idzayamba kuphwa ali m'njira. Ena anawakana chifukwa chonenepa: anawayeza ndi zala zinayi zija n'kupukusa mutu.

Pomaliza anapeza awiri okhala m'chimango chimodzi, opyapyala, ozungulira mwakachetechete. Pulagi yake inali yodulidwa, ndipo fani iliyonse inali ndi mawaya awiri olendewera, wabuluu ndi wakuda, onse odetsedwa ndi oyilo ndi matope. Filipe anang'ung'udza kuti wabwera kudzagula zakale za galimoto yakufa, koma Oscar, ngakhale ankafunitsitsa kugulitsa yam'katoni ija, anavomereza kuti mkuluyo wasankha bwino. Anaseka n'kunena kuti anthu ena amagula ndi maso, koma Che Jaffalie amagula ndi makutu. Filipe anamva kunyada ngati akuyamikira bambo ake omubereka.

Pobwerera Che Jaffalie anafotokoza mmene adzalumikizire. Fani yakumanzere idzakhala ndi swichi pafupi ndi chiwongolero, kuti Filipe aziiyatsa yekha akamayandikira phiri. Yakumanja idzayaka yokha madzi akatentha, kudzera pa kachipangizo komva kutentha kamene adzamange pa paipi ya rediyeta. Iliyonse ndi fyuzi yake, kuti ina ikapsa inzake itsale.

M'masiku omwewo Ana, mwana woyamba wa Filipe, anali m'chipatala pa boma. Anamutumiza kumeneko kuchokera ku Katuli chifukwa mwana anali atagona mopingasa, ndipo anachira mwa opaleshoni, mwana wamwamuna. Mwamuna wa Ana anali ku Joni, choncho omudikirira anali mayi ake, Lusia, mkazi wa Filipe. Lachisanu lina m'mawa Lusia anaimba foni kuti awatulutsa, ndipo bedi akufuna kugonekapo wina. Filipe sanafune kuti mwana wake, ndi bala lake lija, akapanikizike m'minibasi kenako n'kukwera njinga yamoto pa msewu wafumbi. Anathamangira kwa Mponda.

Anapeza Che Jaffalie akumaliza kukulunga mawaya ndi tepi. Abiti Wadi kunalibe, anali atapita ku maliro kutsidya kwa mlatho. Analiza injini, n'kuyatsa swichi. Fani yakumanzere inazungulira, ndipo mkuluyo anaika dzanja kumbuyo kwake n'kumva mphepo ikubwera bwinobwino. Ananena kuti tsopano aisiye injini ilire mpaka itenthe, kuti yakumanja iyake nayonso aimve. Koma injini ya dizilo ikangoima pamalo imachedwa kutentha. Anadikira pang'ono, muvi wa geji yoonetsa kutentha osasuntha. Lusia anaimbanso foni. Ku mzikiti nako anayamba kuitana, ndipo linali tsiku la Ijumaa. Filipe anati mafaniwo anawayesa kale kwa Oscar, onse ankazungulira, palibe chodikira. Che Jaffalie anazengereza, kenako anatseka boneti n'kumuuza kuti aziyang'ana geji.

Msewu wochoka pa mlatho unali bwino. Ana anakhala kutsogolo atatsamira pilo, Lusia pakati atanyamula khanda. Kumbuyo kunali katundu wawo, matumba a feteleza ndi malata amene anthu a ku Katuli anali atadikira nthawi yonse imene galimoto inali pa galaja. Injini yatsopanoyo inkakoka mosangalatsa, ndipo Filipe ankangomwetulira yekha. Atayandikira phiri anayatsa swichi ija monga anamuuzira.

Pa makona oyamba zonse zinali bwino. Kenako anamva fani yachiwiri ikuyaka, ndipo mtima wake unakhala pansi. Koma muvi wa geji, m'malo motsika, unayamba kukwera. Anachepetsa moto, muvi n'kumakwerabe. Pamalopo panalibe poima, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho, choncho anakakamiza galimoto kuti ifike pamene msewu unatambasuka pang'ono. Pofika pamenepo n'kuti muvi uli pofiira, ndipo nthunzi inali ikutuluka m'mbali mwa boneti.

Linali dzuwa la masana, ndipo mitengo ya m'mbali mwa msewu inali itayoyola masamba. M'galimoto munatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Anamutsitsa Ana pang'onopang'ono n'kumukhazika pa thumba, kumbali kumene galimoto inkapereka kamthunzi. Lusia anamanga chitenje ku chitseko ndi ku malata kuti atchinge dzuwa. Khanda linalira kwa nthawi yaitali, likukana bere, kenako linangoti zii, maso ali tseke, thupi lili lende. Kukhala chete kumeneko n'kumene kunamuopsa Filipe kuposa kulira kuja. Ana anayamba kulira mosatulutsa mawu. Lusia ankanyowetsa kansalu ndi madzi a m'chigubu n'kumapukuta mwanayo kumutu, osayang'ana mwamuna wake n'komwe.

Magalimoto angapo anadutsa osaima. Kenako inaima lole yotsika, ndipo woyendetsa wake anali Simioni, amene ankagwira naye ntchito kale pa malole. Anawapatsa madzi ena ndi ambulera, n'kupita kukasuzumira mu injini. Lamba anali bwino, mapaipi sanaphulike, ndipo atatembenuza kiyi mafani onse awiri anazungulira, poti madzi anali akadali otentha. Simioni anatola tsamba louma n'kuliika kutsogolo kwa rediyeta, kumanzere. Tsambalo linamatirira. Analisunthira kumanja, ndipo linauluka n'kukagwa pa phazi la Filipe.

"Ina ikukoka, inzake ikukankha," anatero Simioni. "Yakumanjayi ikutenga mphepo yotentha ya ku injini n'kuiponya kutsogolo, inzakeyo n'kuimezanso. Mawaya anawatembenuza. Anakulumikizira ndani?"

Filipe anaweramira pa fani yakumanja ija. Anamasula tepi, n'kupala mawaya ndi mpeni mpaka mitundu yake inaoneka. Wabuluu anali pamene panayenera kukhala wakuda. Anadula polumikiza paja, kuwabweza m'malo mwake, ndipo kachidutswa kodulidwako anakaika m'thumba la malaya. Injini itazizira anathiramo madzi n'kunyamuka. Muvi sunakwerenso. Anapatukira pa chipatala chaching'ono cha m'njira, kumene namwino anamuona mwanayo n'kunena kuti wangofooka ndi kutentha. Anawasunga pa mthunzi mpaka anayamba kuyamwa. Anafika ku Katuli onse ali bwino.

Koma mkwiyo wa Filipe sunaphwe msanga. Akatseka maso ankaona kamutu ka mdzukulu wake kali lende pa mkono wa Lusia. Pa ulendo wotsatira wa ku boma sanayambe watsitsa katundu ku msika; analunjika kwa Mponda. Pa galaja panali madalaivala awiri a minibasi ndi mphunzitsi wina amene anabweretsa kagalimoto kake. Che Jaffalie anali ataweramira mu injini ya minibasi. Filipe sanapereke moni. Analankhula mokweza, pamaso pa anthu onsewo, kuti mdzukulu wake akanafera pa Chowe chifukwa cha ntchito yosasamala, kuti ngakhale wophunzira kumene amasiyanitsa waya wabuluu ndi wakuda, ndiponso kuti munthu akatopa ndi ntchito azinena m'malo moika miyoyo ya anthu pa ngozi. Anali asanawalankhulepo motero chiyambire.

Che Jaffalie anaweramuka pang'onopang'ono, akupukuta manja. Anangofunsa kuti, "Mwanayo ali bwanji tsopano?"

Filipe anati ali moyo, koma osati chifukwa cha iwo. Anatulutsa kachidutswa ka mawaya kaja n'kukaponya pa boneti yoyera ya galimoto ya mphunzitsi, n'kuwauza kuti aone okha. Mkuluyo anatambasula dzanja kuti akatole, koma dzanjalo linagwera pambali. Anapapasa kumanja, kenako kumanzere, zala zikuyenda pa chitsulo, pamene kachidutswako kanali poonekeratu patsogolo pawo. Atakakhudza anakatola n'kukafikitsa pafupi kwambiri ndi nkhope, akukatembenuzira ku dzuwa. Apo m'pamene Filipe anawayang'ana m'maso bwinobwino, koyamba pa nthawi yaitali, ndipo anaona kuti pakati pa diso lililonse panali poyera ngati pathiridwa mkaka.

Madalaivala aja anayang'anana. Mphunzitsi uja anayamba kukanda m'mutu, akuyang'ana galimoto yake.

Abiti Wadi, amene anamva zonse ali pa khonde, anamuitana Filipe kuti abwere kuseri. Anamukhazika pa mpando n'kumufotokozera modekha. Maso a amuna awo anayamba kuchita chifunga kalekale, koma chaka chimenecho zinafika poipa. Zitsulo ankazidziwa ndi manja, injini ankaidziwa ndi makutu, koma mitundu ya mawaya ndi manambala a pa zipangizo ankawaonera ndi iwowo, akazi awo: ankawaitana ngati akufuna tiyi, iwo n'kuwanong'oneza kuti uyu ndi wofiira, uyu ndi wakuda. Tsiku lija la maliro panalibe woti amuitane. Magalasi amene ankati aiwala kunyumba anasiya kuwathandiza kale. Ku chipatala anawauza kuti ndi ng'ala, ndipo anawalembera kuti apite ku Zomba kukachitidwa opaleshoni, koma iwo anakana. Anamva kwa anthu kuti kumeneko amakolowola diso n'kuliika m'mbale, ndipo mkulu wawo anachita khungu atathiridwa mankhwala m'maso ndi munthu wina wa kumudzi, choncho sankafuna kuti wina aliyense awagwire m'maso. Chinanso ankaopa kuti anthu akadziwa asiya kubweretsa magalimoto.

"Tsopano adziwa," anatero Abiti Wadi. Sananene mokalipa, ndipo Filipe akanakonda akanamukalipira.

Pamene ankatuluka, n'kuti mphunzitsi uja atapita ndi galimoto yake. Che Jaffalie anali atakhala pa tayala lakale, kachidutswa kaja kali m'manja. Filipe anaima pafupi nawo pang'ono, kenako anangokwera galimoto n'kumapita.

Nkhani inafala msanga pa depoti. Minibasi ija anadzaikoka isanathe n'komwe, ndipo pansi pa mango paja panakhala mbee. Filipe anamva zimenezi kwa Oscar, amene anamuuzanso kuti iye anali atayamba kale kukayikira koma anasankha kukhala chete. Kunyumba, Lusia atamva zimene mwamuna wake anakachita, anamukumbutsa kuti amene anakana kudikira kuti injini itenthe ndi iyeyo, ndipo amene ankaimba foni mobwerezabwereza ndi iye mwini Lusia. Ngati pali mlandu, ndi wa anthu atatu. Anamufunsanso kuti nthawi yonse imene ankakhala pa galaja paja, maso ake ankayang'ana kuti.

Filipe anabwerera kwa Mponda atanyamula nkhuku ndi nyemba. Anawapeza Che Jaffalie ali pa mkeka, atavala mkanjo woyera pakati pa sabata, zimene sankachita pa tsiku la ntchito. Anagwada n'kupepesa, ndipo ananena kuti kufulumira kunali kwake. Mkuluyo anamumvetsera mpaka anamaliza.

"Pa za mawaya sunaname," anatero. "Ndinawalumikiza ndikungoganizira. Ndinadziwa kuti sindikuona, koma ndinatseka boneti. Chimene chinandiwawa n'choti unandiuzira pa anthu. Ukananditengera kuseri, ngati mmene ndinkachitira nawe ukaswa chinthu."

Filipe anavomera kuti n'zoona. Kenako anatchula za ku Zomba, kuti iye awaperekeza ndipo akakhala nawo mpaka atatuluka. Che Jaffalie anakana. Anati zimene Mulungu walemba zalembedwa, ndipo pa msinkhu wawo sangakagone pa tebulo kuti achekedwe. Filipe anayesanso pa maulendo ena otsatira, anatumako ngakhale shehe wa pa mzikiti wawo, amene anawauza kuti kufuna mankhwala sikutsutsana ndi chikhulupiriro, koma mkuluyo ankangosintha nkhani.

Amene anathetsa nkhaniyi anali Ana. Tsiku limene ankapita ku boma kuti akamuone bala, anapempha bambo ake kuti adzere kwa Mponda akaonetse mwana kwa agogo ake. Abiti Wadi anawalandira ndi nthungululu. Ana anagwada n'kuika mwanayo m'manja mwa Che Jaffalie. Mkuluyo anamunyamula mosamala, anamupempherera, kenako anamuyandikitsa kumaso, n'kumutembenuzira ku khomo kumene kunkachokera kuwala. Anafunsa kuti wafanana ndi ndani. Abiti Wadi anati mphuno ndi ya Filipe. Mkuluyo anayendetsa chala pa kamphunoko.

"Agogo," anatero Ana, "ine anandicheka mimba yonseyi, ndili maso, ndikumva madokotala akucheza za mpira. Lero ndi uyu mwana, ndi ine ndikuyenda. Inu ndi kadiso chabe. Mukufuna azidzakula mukumudziwa ndi zala?"

Abiti Wadi anafuna kumuletsa, poona kuti mwana walankhula mopyola, koma Che Jaffalie anaseka, koyamba chichitikire zija. Anati ana a masiku ano alibe mantha ndi akulu. Pamene alendo ankatsanzika, mkuluyo anamugwira Filipe dzanja n'kumufunsa chapansipansi kuti ku Zombako amalola kuti mkazi wa munthu akhale pafupi.

Anapita mvula yoyamba itagwa, atatu, pa pikiapu yomweyo. Njira yonse mkuluyo ankawerenga tasibihi, mikanda yake yopempherera, ndipo chakudya chimene anagula pa Liwonde sanachikhudze. Dokotala atawayeza ananena mosabisa kuti diso lakumanja lingathe kuthandizika, koma lakumanzere linali ndi vuto linanso, mtsempha wake unali utafa kale, ndipo ngakhale atachotsa ng'alayo silingaonenso. Akanabwera msanga mwina zikanatheka. Abiti Wadi analira panja. Che Jaffalie anangoti amva, achite limene lingatheke.

Opaleshoniyo sinatenge nthawi. M'mawa mwake namwino atamatula thonje, mkuluyo anaphethira, misozi ikutsika, n'kuyang'ana uku ndi uku m'chipindamo. Anayang'ana akazi awo nthawi yaitali, kenako Filipe, n'kunena kuti sankadziwa kuti mwana uja wamera imvi. Anawerenga mokweza chikwangwani cha pa khoma, chonena za kusamba m'manja, kuyambira pamwamba mpaka pansi, odwala anzawo akuseka.

Kunyumba anawaletsa kuwerama, kunyamula zolemera ndi kukhala pa fumbi mpaka diso litapola, choncho ankangokhala pa khonde atavala magalasi akuda. Filipe anayenda pa depoti ponse akuuza madalaivala kuti Che Jaffalie akuona tsopano, ndiponso kuti zimene iye analankhula tsiku lija zinali za mkwiyo. Ena anamvera n'kulonjeza kuti adzabwerera. Ena anali atazolowera kale magalaja ena, ndipo sanabwerenso. Oscar anayamba kutumizako anthu ofuna kuwasankhira zipangizo zakale, poti imeneyo inali ntchito yotheka munthu atakhala pansi.

Tsiku lina Filipe atadzera kuti awaone, Che Jaffalie anamuuza kuti atsegule boneti. Anaimirira patali pang'ono, manja ali kumbuyo monga anawalamulira, n'kuyang'ana ntchito yawo yonse ndi diso limodzilo. Anayang'ana nthawi yaitali pa zitsulo zimene anawotcherera kuti zigwire injini, ndipo nkhope yawo inasintha. Anati mbali ina chitsulo sichinagwirane bwino, pali mng'alu umene ukuyamba, ndipo pa mabampu a msewu wa ku Katuli sichikhalitsa. Filipe anati palibe vuto, adikira mpaka iwo atachira kuti adzakonze okha.

Mkuluyo anapukusa mutu. Anati za kuwotcherera asiyana nazo. Diso latsala limodzi, ndipo sangaliike pa moto umene uja. Anamuuza kuti apite kwa Jonathan, makaniko wa kuseri kwa msika, amene kwa zaka zambiri ankalimbirana naye makasitomala ndipo sankapatsana moni kawirikawiri.

"Dzanja lake ndi labwino, ngakhale pakamwa pake pali phokoso," anatero. "Ukamuuze kuti ndakutuma ndine. Ndipo upite lero, usanakweze katundu."

Filipe anatseka boneti n'kuchita zomwezo. Jonathan atamva amene wamutuma anadabwa, anafunsa kawiri, kenako anasiya ntchito imene ankagwira n'kukokera mawaya a makina ake pansi pa pikiapuyo.